Nambala Imeneyi Tiwerengere Kuchokera Pati?

Pulogalamu ikapangidwa n'kufika poti purosesa iiyendetse, imasungidwa m'fayilo imene mkati mwake muli dongosolo lokhwima. Sikuti malangizo amangounjikidwamo ayi. Koyambirira kwa fayiloyo kumakhala mabaiti (timagawo ting'onoting'ono ta zosungidwa m'kompyuta) angapo, otchedwa mutu wa fayilo, onena kuti fayiloyi ndi ya mtundu wanji, inapangidwira purosesa iti, mbali ziti zikopedwe kupita mu memori, zikaikidwe pa adiresi iti, ndiponso ntchito ikayambire pa langizo liti. Pa Linux ndi ma Unix ambiri dongosolo limeneli limatchedwa ELF. Pa Windows ndi PE. Pa macOS ndi iOS ndi Mach-O.

Lililonse mwa madongosolo amenewa lili ndi chikalata cholifotokoza, ndipo anthu olemba ma compiler (osandutsa khodi kukhala malangizo a purosesa), ma linker (olumikiza tizidutswa ta pulogalamu), ma debugger (ofufuzira zolakwika mu pulogalamu) ndi mapulogalamu osaka mavairasi amachidalira tsiku ndi tsiku. Zikalatazi si zabodza. Zambiri zinalembedwa mosamala ndi anthu amene ankaidziwadi ntchito. Koma aliyense amene anayesapo kuwerenga chimodzi kwa nthawi yoyamba amadziwa mmene mutu umaimira: tebulo pamwamba pa tebulo, mayina achidule ngati e_shstrndx ndi e_lfanew, ndi ziganizo zoti chilichonse pachokha n'choona koma palibe chimene chikukuuza poyambira.

Ena amati umu ndi mmene zikalata za akatswiri zimakhalira, wofuna zophweka akasake kwina. Ine sindigwirizana nazo. Chikalata chofotokoza fayilo ya pulogalamu chili ndi ntchito imodzi yaikulu: kuti anthu awiri osadziwana, aliyense atawerenga payekha, apange zida zimene zidzamve fayilo imodzi mofanana. Chikalephera pamenepo, zotsatira zake sizithera pa kutopa kwa wowerenga. Pulogalamu yosaka mavairasi ikamawerenga fayilo mwanjira ina, pomwe loader, imene imakweza pulogalamu mu memori, ikuiwerenga mwanjira inanso, pakati pa ziwirizo pamatsala mpata. Olemba mavairasi amaufunafuna mpata umenewo kuti abisemo zinthu zawo.

Kasanjidwe ka nkhani

Wolemba chikalata nthawi zambiri amatsata mmene zinthu zandandalikidwira m'fayilo, kapena mmene zalembedwera mu khodi ya chiyankhulo cha mapulogalamu chotchedwa C: baiti yoyamba, yachiwiri, mpaka kumapeto. Kwa munthu wodziwa kale, amene akungofuna kukumbutsidwa nambala imodzi, zimenezi zili bwino. Kwa wobwera kumene n'zozunguza, chifukwa iye sakufunsa kuti pa baiti 40 pali chiyani. Akufunsa kuti akatsegula pulogalamu chimachitika n'chiyani, ndipo ndi mbali iti ya fayilo imene ikugwira ntchito panthawi iti.

ELF imaonetsa bwino vutoli. Inatuluka ndi Unix System V Release 4, ndipo chikalata chimene ambiri amachidziwa ndi cha komiti ya Tool Interface Standard, chimene mtundu wake wa 1.2 unatuluka mu 1995. Fayilo ya ELF ili ndi matebulo awiri ofotokoza zamkati mwake. Lina limandandalika ma section, ndipo limagwiritsidwa ntchito ndi linker polumikiza tizidutswa ta pulogalamu. Linalo limandandalika ma segment, ndipo ndi limene loader imatsata. Mabaiti ake ndi omwewo, kungoti akuonedwa kuchokera mbali ziwiri. Chikalata cha 1995 chija chili ndi chojambula choika mbali ziwirizi moyandikana, ndipo kwa ine chojambulacho chimaphunzitsa zambiri kuposa masamba angapo otsatira. Komabe mfundo yaikulu kwambiri yangotchulidwa modutsa: poyendetsa pulogalamu, tebulo la ma section silifunika. Mukhoza kulichotsa, pulogalamu n'kuyendabe. Munthu amene mfundoyi yamudutsa amataya nthawi yaitali akuphunzira ma section ngati .text, .data ndi .rodata poganiza kuti kernel, mtima wa dongosolo loyendetsa kompyuta monga Linux, imawerenga mayina amenewa, pamene kernel siwayang'ana n'komwe.

N'chifukwa chake chikalata chiyenera kuyamba ndi tsamba limodzi lotsata mapazi a loader. Imayang'ana mabaiti oyambirira kuti itsimikize mtundu wa fayilo. Imapeza tebulo la ma segment. Segment iliyonse yolembedwa PT_LOAD imaikweza mu memori. Ikapeza PT_INTERP imakwezanso pulogalamu ina yolumikiza malaibulale (mafayilo a khodi imene mapulogalamu amabwereka), n'kuipatsa ulamuliro poyamba. Pomaliza ntchito imakayambira pa adiresi yolembedwa m'mutu wa fayilo, pamalo otchedwa e_entry. Matebulo abwere pambuyo pake, wowerenga atadziwa kale kuti nambala iliyonse idzafunika pati. Daniele Procida, mu njira yake yotchedwa Diátaxis, amagawa zolemba zofotokoza mapulogalamu m'mitundu inayi: maphunziro a woyamba kumene, malangizo a kachitidwe ka ntchito inayake, zongoyang'anapo pofuna nambala kapena dzina, ndi mafotokozedwe a chifukwa chake. Zikalata zambiri za mafayilo amenewa ndi za mtundu wachitatu wokha, koma zikuyembekezeka kugwira ntchito ya mitundu yonse inayi.

Mabaiti enieni

Palibe chimene chimatsegula mutu msanga ngati chitsanzo chimodzi chathunthu. Nawa mabaiti 24 oyambirira a pulogalamu wamba ya Linux pa purosesa ya x86-64, olembedwa mu hex, mawerengedwe otsata 16 m'malo mwa 10:

7F 45 4C 46 02 01 01 00 00 00 00 00 00 00 00 00
03 00 3E 00 01 00 00 00

Anayi oyambawo ndi chizindikiro: 7F, kenako zilembo E, L ndi F. Yachisanu, 02, ikunena kuti fayiloyi ndi ya 64-bit. Ikanakhala 01, bwenzi ili ya 32-bit. Yotsatirayo, 01, ikunena kuti m'manambala otenga mabaiti angapo, baiti ya mtengo wochepa ndi imene imayamba, kalembedwe kotchedwa little-endian. Baiti imodzi imeneyi ndi imene ikulamulira mawerengedwe a manambala ena onse a m'matebulo a fayiloyi. Taonani pamzere wachiwiri, pali 3E 00. Mukawerenga monga mwaonera, kuchokera kumanzere, mupeza 15872. Mukatembenuza, monga baiti ija yakuuzirani, mupeza 62, ndipo 62 ndi nambala ya x86-64.

Tebulo lokha silingakuphunzitseni zimenezi. Lingokuuzani kuti e_machine, malo amene pali 3E 00 aja, imatenga mabaiti awiri, basi. Chitsanzo chikapitirira, wowerenga amaona kuti pa baiti 32 nthawi zambiri palembedwa 64, chifukwa mutu wa fayilo ya 64-bit ndi mabaiti 64 ndipo tebulo la ma segment limayambira pamene mutuwo wathera. Amaonanso kuti pa baiti 54 palembedwa 56, kukula kwa mzere umodzi wa tebulolo. Akatsata ndi chala kuchokera pa nambalayo mpaka kukafika pamalo amene ikuloza, wamvetsa mmene fayilo yonse imalozerana, ndipo akhoza kutsimikiza yekha ndi chida cha readelf.

03 00 uja nayenso ali ndi nkhani yake. Chikalata chimati 2 ndi pulogalamu yoyendetsedwa, 3 ndi laibulale yogawana. Wowerenga wokhulupirika anganene kuti chitsanzo chathuchi ndi laibulale, koma si choncho. Masiku ano ma Linux ambiri amapanga mapulogalamu oti akhoza kuikidwa pa adiresi iliyonse mu memori, otchedwa PIE, pofuna kuti wofuna kuwaononga asadziwiretu pamene zinthu zili. Mapulogalamu otere amalembedwa 3. Lamulo silinasinthe, koma kagwiritsidwe ntchito kanasuntha, ndipo chikalata chimene sichikunena zimenezi pambali pa nambalayo chikusocheretsa munthu ngakhale kuti mulibe liwu labodza.

Apa mpamene pagona nkhani

Zambiri mwa zimene zili m'mitu ya mafayilo amenewa ndi manambala olozera kwina. Nambala yolozera ilibe tanthauzo mpaka mutadziwa poyambira kuwerenga. N'chimodzimodzi kuuza mlendo kuti nyumba yanu ndi yachisanu, osamuuza kuti awerengere kuchokera mbali iti ya msewu.

PE ndi imene imazunza anthu kwambiri pamenepa. Inabwera ndi Windows NT 3.1 mu 1993, yomangidwa pa COFF, dongosolo lakale la mafayilo la ku Unix. Fayilo yake imayamba ndi zilembo MZ, zotsalira za nthawi ya MS-DOS, zoimira dzina la Mark Zbikowski wa ku Microsoft, ndipo pa baiti 0x3C (0x ndi chizindikiro cha hex) pali nambala, e_lfanew ija, yolozera pamene mutu weniweni wa PE wayambira. Kuchokera pamenepo, manambala olozera ali m'mitundu itatu. Ena amawerengedwa kuchokera koyambirira kwa fayilo monga ilili pa disiki. Ena, otchedwa RVA, amawerengedwa kuchokera pamene pulogalamu yayambira mu memori itakwezedwa kale. Ena, otchedwa VA, ndi adiresi yathunthu ya mu memori. Onsewa amaoneka mofanana papepala, koma mtundu woyamba ndi wachiwiri sagwirizana, chifukwa loader simangokopa fayilo mmene ilili. Imamwaza ma section mu memori, iliyonse pamalo ake.

Tiyerekeze kuti mutu ukuti pulogalamu iyambire pa RVA 0x1230. Mukapita pa baiti 0x1230 ya fayilo, mupeza zinthu zina zosakhudzana. Muyenera kupita ku tebulo la ma section, n'kupeza section imene RVA imeneyi yagweramo. Tinene kuti section yake imayambira pa 0x1000 mu memori koma pa 0x400 m'fayilo. Ndiye muchotse 0x1000, muwonjezere 0x400, mupeze 0x630. Apo ndi pamene pali langizo loyamba pa disiki. Pulogalamuyo ikakwezedwa pa 0x140000000, pomwe linker ya Microsoft imakonda kuika mapulogalamu a 64-bit, langizo lomwelo lidzakhala pa VA 0x140001230. Malo amodzi, manambala atatu. Masamu akewa ndi a mizere inayi yokha, ndipo chikalata chilichonse cha PE chiyenera kuwaonetsa ndi manambala enieni chisanatchule RVA kachiwiri.

Ndiye pali msampha. M'mutu wa PE muli tebulo la mizere 16 lolozera zinthu monga mayina a ntchito zobwerekedwa ku malaibulale. Mizere yake imagwiritsa ntchito RVA, koma wolozera masatifiketi a siginecha ya pulogalamu uli ndi nambala yowerengedwa kuchokera koyambirira kwa fayilo, chifukwa masatifiketiwo sakwezedwa mu memori. Chikalata cha Microsoft chimanena zimenezi. Funso n'lakuti munthu amene akuyang'ana tebulolo mothamanga aziona kapena ayi.

ELF nayonso ili ndi zake. Nambala ya st_value, imene imakhala pa dzina lililonse la ntchito kapena la chosungira, imasintha tanthauzo malinga ndi mtundu wa fayilo. M'fayilo ya .o, yosalumikizidwabe, imawerengedwa kuchokera koyambirira kwa section. Mu pulogalamu yomalizidwa ndi adiresi ya mu memori. Pa mayina a mtundu wa SHN_COMMON si adiresi n'komwe, koma lamulo la kayalidwe.

Mankhwala ake ndi osavuta, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sapezeka paliponse. Tebulo lililonse likhale ndi danga lapadera loyankha mafunso awiri pa nambala iliyonse: ikuwerengedwa kuchokera pati, ndipo ikuwerenga chiyani, kaya mabaiti, kaya mizere ya tebulo lina. Mzere wosiyana ndi anzake ulembedwe mooneka pomwepo, osati m'ndime ina masamba khumi kutsogolo.

Lamulo lomweli likhudzenso zopatuka zina zonse. Mu ELF, e_shnum ndi chiwerengero cha ma section, ndipo imatenga mabaiti awiri okha. Ma section akafika 65280 kapena kupitirira, zimene zimachitikadi pa mafayilo aakulu a C++, e_shnum imalembedwa 0 ndipo chiwerengero chenicheni chimakasungidwa mu sh_size ya mzere woyamba wa tebulolo. Wolemba khodi amene wawerenga chiganizo choyamba chokha adzapanga chida chimene chidzayenda bwino kwa zaka, mpaka tsiku limene chidzakumane ndi fayilo yaikulu n'kunena kuti mulibe kanthu. Kusiyana kwa 32-bit ndi 64-bit nakonso kumafuna matebulo awiri athunthu, osati kachiganizo kakuti zonse n'zofanana kungoti zakula. Mu tebulo la ma segment, p_flags ili pamalo achisanu ndi chiwiri mu 32-bit koma pamalo achiwiri mu 64-bit. Mu PE32+, imene ndi PE ya 64-bit, BaseOfData inachotsedwa ndipo ImageBase inakula kufika mabaiti 8.

Mawu aukatswiri amafuna tsamba lawolawo koyambirira, chifukwa wowerenga amabwera ndi matanthauzo a kwina. Mu ELF, Elf32_Word ndi mabaiti 4, ndipo Elf64_Word ndi mabaiti 4 omwewo, pamene WORD ya Windows ndi mabaiti 2. Mu Mach-O, segment ili ndi ma section mkati mwake, monga __TEXT imene ili ndi __text. Mu PE muli ma section okha, ndipo ndi amene amakwezedwa mu memori. Munthu wochokera ku Windows akafika pa ELF amaganiza kuti akudziwa kale section, ndipo palibe chomuchenjeza.

Lamulo likuuza ndani?

Muli chiganizo chimene chimapezeka pafupifupi m'zikalata zonse za mtunduwu, chakuti malo akutiakuti ndi osungidwira mtsogolo ndipo ayenera kukhala 0. Chimaoneka chomveka, koma sichinena amene akulamulidwa. Kodi wopanga fayilo ndi amene ayenera kulembapo 0? Nanga wowerenga fayilo akapezapo 7, aikane fayiloyo kapena angopitirira? Awa ndi malamulo awiri, ndipo lililonse lili ndi zotsatira zake. Owerenga onse akamakana, malowo sangadzagwiritsidwenso ntchito popanda kuononga zida zakale. Akamangopitirira, aliyense akhoza kubisapo chimene akufuna.

Anthu olemba malamulo a intaneti anakumana ndi vuto longa lomweli, ndipo mu 1997 Scott Bradner analemba RFC 2119, imene inakhazikitsa tanthauzo la mawu ngati MUST, SHOULD ndi MAY: chokakamiza, cholimbikitsidwa, ndi chololedwa. Chikalata cha fayilo ya pulogalamu chingatengerepo phunziro, n'kuwonjezera kutchula mwini lamulo pa chiganizo chilichonse: linker ichite chakuti, loader ichite chakuti.

Kusiyana kwa zolembedwa ndi zochitika n'kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Brian Raiter anapanga pulogalamu ya ELF ya mabaiti 45 imene Linux ya pa x86 inaiyendetsa, pamene mutu wokha wa ELF ya 32-bit uyenera kukhala mabaiti 52. Anatha kutero poona malo amene kernel siyang'ana, n'kulowetsamo malangizo ndi tebulo la ma segment. Fayiloyo ikuphwanya chikalata, koma inayenda. Wofufuza mavairasi amafunika kudziwa zonse ziwiri, chimene chikalata chimalamula ndi chimene loader imalola, ndipo chikalata chabwino chimazilekanitsa bwinobwino kuti zisasakanikirane.

Vuto lina ndi kumwazikana. Malamulo a ELF sali m'chikalata chimodzi. Pali chikalata cha onse chotchedwa gABI, pali psABI, chikalata cha purosesa iliyonse payokha, monga x86-64, AArch64 ndi RISC-V, ndiye pali zowonjezera za GNU, gulu lopanga zida zambiri za pa Linux. Tebulo la DT_GNU_HASH, limene linabwera mu 2006 kuti mayina azipezeka msanga pokweza pulogalamu, anthu ambiri analiphunzira powerenga khodi ya glibc ndi binutils, mapulogalamu a GNU. Kuphatikiza zonsezi m'buku limodzi n'kovuta, chifukwa eni ake ndi osiyana. Chotheka n'chakuti chikalata chilichonse chinene poyera pamene chalekezera, ndiponso amene akupitiriza kuchokera pamenepo.

Kuopsa kwa kukonza

Amene amakana kuti zikalatazi zilembedwenso ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo ndimaimva. Chiganizo chovuta kuwerenga nthawi zina chimakhala chovuta chifukwa chikusamalira chinthu chenicheni, ndipo wochifewetsa akhoza kutaya chinthucho osadziwa. Komanso mfundo ikalembedwa kawiri, m'tebulo ndi m'mafotokozedwe, tsiku lina wina adzakonza pamodzi n'kuiwala penapo. Pamenepo chikalata chayamba kudzitsutsa chokha, zimene n'zoipa kuposa kuvuta kuwerenga.

Njira yopewera ndi kunena momveka kuti mbali iti ndi lamulo ndipo mbali iti ndi yongothandiza kumvetsa, kuti zikasemphana aliyense adziwe yotsatira. Manambala a m'matebulo asamalembedwe ndi manja paliponse pamene akufunika. Achokere pa gwero limodzi loti kompyuta ikhoza kuliwerenga. Zida ngati Kaitai Struct zimalola kufotokoza kayalidwe ka fayilo kamodzi, n'kutulutsamo khodi yowerengera fayiloyo ndi chojambula chake. Zitsanzo nazonso zikhale mafayilo enieni amene amayesedwa nthawi iliyonse chikalata chikasintha. WebAssembly, dongosolo la mapulogalamu oyenda pa intaneti limene bungwe la malamulo a pa intaneti la W3C linalivomereza mu 2019, imayenda ndi mulu wa mafayilo oyesera pamodzi ndi chikalata chake, moti wopanga chida samangodalira mmene wamvera chiganizo. Mayina akale ngati e_lfanew asasinthidwe ngakhale kuti sakoma m'maso, chifukwa ndi amene ali mu khodi ya anthu ndipo ndi amene amasakidwa. Angofotokozedwa.

Maonekedwe a tsamba ali ndi gawo lake, ngakhale laling'ono. Nambala iliyonse ya m'tebulo ikhale ndi linki yakeyake yoti munthu angatumizire mnzake. Hex ndi manambala wamba asasakanizidwe popanda chizindikiro, chifukwa 40 wa hex ndi 64. Zojambula, monga zimene Ange Albertini anapanga mu ntchito yake ya Corkami zoonetsa fayilo yonse ya PE patsamba limodzi, zimathandiza kwambiri, koma zimene zikunena zilembedwenso m'mawu kuti amene amawerenga ndi pulogalamu yolankhula asatsalire.

Wolemba chikalata sangadziwe yekha pamene pali povuta, chifukwa zimene wasiya kunena ndi zimene iye amazidziwa kwambiri. Afunika munthu wodziwa kulemba khodi koma amene sanakhudzepo dongosololi. Amupatse chikalata chokha ndi ntchito yaing'ono, monga kulemba kapulogalamu kondandalika ma section a fayilo, kenako ayerekeze zotuluka ndi zimene readelf kapena objdump ikupereka. Wolembayo akhale pambali osathandiza, azingolemba paliponse pamene mnzakeyo waima, wabwerera mmbuyo kapena wangolotera. Mafayilo oyesera asakhale ophweka okhaokha: pakhale ya 32-bit ndi ya 64-bit, ya big-endian (mmene baiti ya mtengo waukulu imayamba), yopanda tebulo la ma section, ndi ina ya ma section oposa 65280.